Asanamupatse mfuti, ayambe afunsa mkazi wake

Amayi anzathu, achemwali, ndi inu abambo amene mumawerenga tsamba lino mwakachetechete, lero tikambe za mfuti.

Tikudziwa kuti ena mwayamba kale kudabwa. Mfuti? Kuno ku Thyolo, kumene chimatisowetsa tulo ndi mtengo wa ufa, makilo a tiyi pa sikelo, ndi kontirakiti yomwe imatha mvula ikangosiya? Khalani pansi kaye, mutimve mpaka kumapeto, kenako mutitsutse ngati pali potitsutsa.

Mayi akafuna kulowa banki m'khonde sitimangomulandira. Timayamba tafunsa: ameneyu amabweza ngongole? Ku gulu lomwe anali kale anachokako bwanji? Mnyamata akafunsira mwana wathu, ankhoswe amafufuza kwawo, khalidwe lake, ngati sanasiye mkazi ndi ana kwinakwake. Pa ngongole ya K20,000 timamufufuza munthu mpaka kwa agogo ake. Nanga munthu akafuna mfuti, chida choti akangogwedeza chala chimodzi pamudzi pagwa maliro, ndani amene amafunsidwa za khalidwe lake?

Ndani wa ife anaitanidwapo n'kuuzidwa kuti, "Mayi, amuna anu apempha chiphaso cha mfuti, inu mukuti bwanji?" Ndani anamvapo kuti mlonda asanapatsidwe mfuti ya kuntchito, mabwana anayamba atsegula buku la madandaulo kuti aone ngati dzina lake mulibe?

Mfundo yathu ndi imodzi basi. Boma lili ndi udindo wofufuza mbiri ya munthu aliyense asanagwire mfuti, kaya ndi yogula yekha, kaya ndi ya kuntchito. Koma kufufuzako kukangothera pa pepala la police clearance, palibe chachitika, chifukwa nkhanza zambiri zimene amayi timakumana nazo sizifika pa pepala limenelo. Kufufuza kwenikweni kumafika pakhomo, kwa munthu amene amagona naye nyumba imodzi.

KODI MFUTI NDI UFULU?

Mkangano umenewu ambiri timaumvera pa nkhani za ku America. Kumeneko malamulo oyendetsera dziko, kuyambira mu 1791, amatchula ufulu wosunga ndi kunyamula zida. N'chifukwa chake boma likangoti tifufuze kaye mbiri ya ogula, ena amadzuka n'kunena kuti ufulu wawo ukuphwanyidwa.

Kwathu kuno sizili choncho. Malamulo oyendetsera dziko la Malawi sapatsa munthu ufulu wa mfuti. Amene alimo ndi ufulu wokhala ndi moyo, pa gawo 16, ndiponso ufulu wa amayi, pa gawo 24, limene limalamula kuti pakhale malamulo othetsa nkhanza kwa amayi. Mfuti kuno ndi chilolezo. Umapempha kudzera kupolisi, ndipo boma litha kuvomera kapena kukana. Ndiye poti boma ndi limene limasaina, tili ndi ufulu wolifunsa kuti limayang'ana chiyani lisanasaine.

Lamulo lalikulu la mfuti m'dziko muno, Firearms Act, ndi la 1967. Taganizirani dziko la 1967. Panali patangopita zaka zitatu chilandirireni ufulu wodzilamulira. Mwamuna akamenya mkazi wake, anthu ankati za m'banja salowerera, bola aitane ankhoswe. Lamulo lothana ndi nkhanza za m'banja, Prevention of Domestic Violence Act, linabwera mu 2006, patadutsa zaka 39. Lamulo la Gender Equality Act, limene limaletsa kuzunza amayi kuntchito pa nkhani zogonana, linabwera mu 2013. Malamulo amenewa anabadwa nyengo zosiyana. Ntchito yomwe yatsala ndi kuwakumanitsa, kuti zimene khoti ndi Victim Support Unit akudziwa za munthu, naye wopereka chiphaso cha mfuti azizidziwa.

ZIMENE ANZATHU ANAPHUNZIRA NDI MALIRO

Ku America komweko, mu 1993 anakhazikitsa lamulo lotchedwa Brady Act. Dzinali ndi la James Brady, mneneri wa Pulezidenti Ronald Reagan, amene anawomberedwa mu 1981 n'kulumala moyo wake wonse. Kuchokera mu 1998, munthu akamagula mfuti m'sitolo yovomerezeka, wogulitsa amayenera kuyamba wafunsa ku nkhokwe ya mayina yomwe imasungidwa ndi FBI. Mu 1996 anawonjezera lamulo loti wopezeka wolakwa pa mlandu wa nkhanza za m'banja asakhale ndi mfuti. Pa pepala zikuoneka zabwino, eti?

Tamvani zomwe zinachitika pa 5 November 2017 ku Sutherland Springs, m'chigawo cha Texas. Mwamuna wina analowa m'tchalitchi n'kupha anthu 26. Munthuyu anali atamangidwapo kale ali msilikali chifukwa chomenya mkazi wake ndi mwana wopeza. Mwalamulo sankayenera kugula mfuti olo imodzi. Koma akuluakulu a asilikali sanatumize dzina lake ku nkhokwe ija, ndiye atapita kusitolo, kompyuta inati munthuyu alibe vuto. Lamulo linalipo, kufufuza kunachitika, koma mbiri ya nkhanza zake sinafike pomwe inkafunika.

Phunziro lake ndi limeneli: kufufuza mbiri kumangopeza zimene wina analemba n'kutumiza. Zosalembedwa sizioneka.

Nkhani ya mfuti ndi nkhanza za m'banja anthu anaifufuza. Mu 2003, Jacquelyn Campbell ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa m'mizinda 11 ya ku America. Anapeza kuti mwamuna wankhanza akakhala ndi mfuti pafupi, chiopsezo choti mkazi aphedwa chimakwera pafupifupi kasanu. Ndipo mu June 2024, khoti lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa Rahimi, linagamula kuti munthu amene khoti lamuletsa kuyandikira mkazi chifukwa cha nkhanza atha kulandidwa mfuti. Oweruza 8 mwa 9 anagwirizana nazo. Ngati dziko limene mfuti ili m'malamulo oyendetsera dziko likuvomereza zimenezi, ife chikutivuta n'chiyani?

PEPALA LOYERA, MUNTHU WAKUDA MTIMA

Tsopano tibwerere kwathu, m'makomboni a m'maesiteti, ku Makwasa, ku Thunga, ku Bvumbwe, ku Luchenza. Kodi nkhanza zimene zimachitika kuno zimalembedwa kuti?

Mu February 2021, kampani ya Camellia ya ku Britain, mwini wake wa Eastern Produce Malawi, inagwirizana zothetsa milandu ya amayi 36 ogwira ntchito m'maesiteti a ku Mulanje ndi Thyolo. Amayiwa anadandaula kuti anagwiriridwa kapena kuzunzidwa pa nkhani zogonana ali pantchito. Milanduyi anaitengera ku London kudzera mwa maloya a Leigh Day. Kampaniyo sinavomere kulakwa, koma inalipira ndalama zokwana mapaundi 2.3 miliyoni, kuphatikizapo za maloya, n'kulonjeza kusintha zina ndi zina pa chitetezo cha amayi. Amayi ena 31 anatengeranso ku London madandaulo ofanana nawo okhudza Lujeri.

Timveke bwino: milandu imeneyi sinali ya mfuti. Tikuitchula chifukwa ikutiphunzitsa momwe mbiri imasowera. Amayi anachita kuwoloka nyanja ndi madandaulo awo kuti amvedwe. Ndipo mlandu ukatha pa mgwirizano wa chipukuta misozi, si chigamulo cha khoti la milandu yaupandu. Palibe dzina la munthu limene limalowa m'kaundula wa opezeka olakwa chifukwa cha mgwirizano wotere.

Ndipo tonse tikudziwa chifukwa chake amayi ambiri safika n'komwe kupolisi. Wogwira ntchito ya nyengo amadziwa kuti dzina lake libwerera pa mndandanda chaka chamawa pokhapokha wolemba mayinayo atafuna. Mayi wokhala m'nyumba ya esiteti yomwe inaperekedwa chifukwa cha ntchito ya mwamuna amadziwa kuti mwamunayo akamangidwa, nyumba yapita, sukulu ya ana yapita. Wina amalimba mtima, amakanena, koma pofika mawa apongozi, ankhoswe ndi akuluakulu a mpingo amukhalira pakhomo mpaka akathetse mlandu. Kafukufuku wa boma wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 aliwonse amene anakwatiwapo anachitiridwapo nkhanza ndi mwamuna wawo. Kodi amuna 42 mwa 100 aliwonse ali ndi mbiri kupolisi? Ayi ndithu.

Ndiye mwamuna atha kuthyola mkazi wake mkono mu January, nkhani n'kuthera kwa ankhoswe mu February, mu March n'kukatenga police clearance yoyera mbee. Pepalalo silinama, likunena zoona kuti sanapezekepo wolakwa m'khoti. Kungoti silidziwa zimene aneba onse a mu laini akudziwa.

Ndipo mfuti siyenera kulira kuti igwire ntchito yake m'nyumba. Mwamuna akangoitulutsa n'kumaipukuta pakhonde tsiku lomwe munakangana, uthenga wafika. Akaiyika pansi pa bedi, mayi sagonanso. Mlamu amene ankabwera kudzaleretsa ndewu amasiya kubwera. Aneba amene ankagogoda akamva kukuwa amangozimitsa nyali. Mfuti imathamangitsa anthu onse amene akanakuthandiza, isanawombere olo chipolopolo chimodzi.

MFUTI YA KUNTCHITO

Kuno ku Thyolo anthu wamba ogula mfuti zawozawo ndi ochepa. Mfuti imene mayi wa kumudzi angakumane nayo pafupi ndi ya munthu amene waipatsidwa chifukwa cha ntchito. Apa m'pamene nkhani yathu ikusiyana ndi ya ku America, kumene amakangana za munthu wolowa m'sitolo ndi ndalama zake.

Boma lathu lino malo ndi ochepa, anthu ndi ambiri, ndipo malire a mudzi ndi esiteti ndi bala lakale. Agogo athu analima thangata pa malo omwe makolo awo anabadwira. Mu August 1953, chipolowe chimene chinagwedeza chigawo chakummwera chinayambira pa esiteti ya Mangunda pafupi ndi Luchenza, pa nkhani ya anthu oganiziridwa kuba malalanje, ndipo pomwe chinkatha anthu 11 anali ataphedwa. Mu 2016 tinaona Vincent Wandale ndi gulu lake la People's Land Organisation akulimbana ndi maesiteti pa nkhani ya malo, mpaka anthu kumangidwa atalowa m'malo a Conforzi. Kaya mumagwirizana naye kaya ayi, bala lija silinapole.

Nanga amene amayenda m'malire amenewa tsiku ndi tsiku ndi ndani? Ndi mayi wofuna nkhuni m'mbali mwa bulugamu mbandakucha. Ndi mtsikana wodutsa njira yachidule popita kusukulu kapena kuchigayo. Akakumana ndi mlonda kumeneko, amakhala awiriwiri, popanda mboni. Wina ali ndi mtolo pamutu ndipo akudziwa kuti atha kutchedwa wakuba. Winayo ali ndi yunifolomu ndi mphamvu yomugwira kapena kumusiya. Pakati pa anthu awiri otere mukaikapo mfuti, mawu oti "ayi" amathera pakhosi.

Sitikunena kuti alonda ndi adani athu. Ndi alongo athu, amuna athu, amalume athu. Amagona panja mu June kuzizira kuli m'mafupa, pa malipiro ochepa, akuopa akuba amene amabwera m'magulu ndi zikwanje. Ambiri ndi anthu abwinobwino. Koma ndendende chifukwa ambiri ndi abwino, kufufuza sikungawapweteke. Kumangochotsa mmodzi uja amene amaipitsa dzina la onse. Chiphaso chikakhala m'dzina la kampani, mfuti imasintha manja pa shifiti iliyonse. Funso lathu ndi loti manja aliwonse amene aigwira afufuzidwe, osati chidindo cha kampani chokha.

"KOMA ACHEMWALI..."

Tamva kale zimene ena anene, ndipo zina mwa izo n'zomveka. Tiyeni tizione.

Ena akuti zigawenga sizipempha chiphaso. Zoona. Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, mfuti zambiri za AK-47 zinatsalira m'manja mwa anthu, ndipo malire athu ndi dzikolo ndi aatali, ena ndi mtsinje wa Ruo basi. Mu December 1993 asilikali analanda zida a Malawi Young Pioneers pa Operation Bwezani, ndipo ambiri mwa iwo anathawira ku Mozambique komweko. Mfuti zosaloledwa ndi vuto lenileni, apolisi alimbane nalo. Koma mfuti yosaloledwa siimera m'munda ngati chinangwa. Zambiri zimayamba zili zololedwa, kenako zimabedwa, zimabwerekedwa, zimagulitsidwa mwakabisira. Ku South Africa, mkulu wina wa apolisi, Christiaan Prinsloo, anagamulidwa zaka 18 m'ndende mu 2016 chifukwa chogulitsa mfuti zoposa 2,000 zimene zinkayenera kuphwanyidwa, zambiri n'kukathera m'manja mwa magulu a zigawenga ku Cape Town. Kusamala amene wapatsidwa mfuti movomerezeka ndi njira imodzi yotsekera mpopi umenewu.

Komanso tisanamizane. Amene amapha amayi kawirikawiri si chigawenga chobisa nkhope. Lipoti la UNODC ndi UN Women linati mu 2023 amayi ndi atsikana pafupifupi 85,000 anaphedwa mwadala padziko lonse, ndipo 51,100 mwa iwo anaphedwa ndi mwamuna wawo, chibwenzi kapena wachibale. Africa ndiye inali ndi chiwerengero chachikulu kuposa madera onse. Timatseka chitseko usiku kuopa wakunja, pomwe woopsa uja tamutsekera mkati.

Ena akuti munthu wa golosale pa Luchenza, kapena wa Airtel Money ndi Mpamba, ali ndi chifukwa chodzitetezera. Sitikutsutsa. Sitikunena kuti mfuti zonse zilandidwe. Munthu amene samenya mkazi wake, saopseza aneba, saledzera n'kuyamba ndewu, adutsa bwinobwino. Adikirako masabata angapo, basi. Amene akuopa kuti mkazi wake afunsidwa, adzifunse yekha chimene akuopa.

Ena, makamaka achinyamata pa intaneti, akuti yankho n'loti nawonso amayi agule mfuti. Ndi ndalama ziti, achimwene? Za makilo a tiyi? Ndipo mfuti ikalowa m'nyumba siisankha mwini. Imamvera amene wayamba kuifikira, ndipo m'nyumba ya nkhanza timadziwa amene amayamba kufikira zinthu. Reeva Steenkamp anafa pa 14 February 2013 ku Pretoria, m'nyumba ya mpanda ndi alonda pageti, ndi mfuti yololedwa imene mwini wake Oscar Pistorius ankati ndi yodzitetezera.

Ena akuti kuno amayi amafa ndi zikwanje, mipeni ndi zibakera, osati mfuti. Zoonanso, ndipo sitinasiye kulimbana nazo. Koma chikwanje ukhoza kuchithawa, mneba akhoza kugwira dzanja, ukhoza kufika kuchipatala cha boma pa Thyolo uli moyo. Mfuti siipereka mpata umenewo. Kuwonjezera apo, chikwanje chili m'nyumba iliyonse chifukwa ndi chida cha kumunda, boma silingachiwerenge. Mfuti ndiye chida chimene boma limachita kusainira. Pamene pali siginecha ya boma, pali udindo wa boma.

Ena akuti mkazi atha kunamizira mwamuna chifukwa cha nsanje. Zitha kuchitika, anthu ndi anthu. N'chifukwa chake tikuti pakhale kufufuza, mwamunayo apatsidwe mpata wodziyankhira, ndipo akhale ndi kokachita apilo. Koma podikira zonsezo, mfuti ikhale kupolisi. Mfuti yolandidwa molakwika imabwezedwa kwa mwini wake. Munthu woikidwa m'manda molakwika sabwezedwa kwa ana ake.

Pali mfundo ina yolemera kuposa zonsezi, ndipo ife a ku Thyolo sitingaipeputse. Malamulo a mfuti mu Africa anayamba ngati chida cha atsamunda. Pangano la ku Brussels la 1890 linachepetsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu akuda m'dera lalikulu la Africa, pomwe mzungu wa pa esiteti anali nayo yake pakhoma. Ndiye munthu akamakayikira boma losankha amene ayenera mfuti ndi amene sayenera, ali ndi mbiri kumbuyo kwake. Lero mantha ndi oti wolemera, wandale ndi wodziwana ndi mabwana adutsa pakhomo lakumbuyo, wosauka yekha ndi amene afufuzidwe. Yankho lake si kusiya kufufuza. Yankho ndi kulemba poyera zoyenera kutsata, kuti sikelo ikhale imodzi kwa mlonda, kwa manijala, kwa phungu, kwa mwini esiteti. Ife othyola tiyi timadziwa kuwawa kwa sikelo yokondera.

NANGA OFUFUZAWO AWAFUFUZA NDANI?

Apa tisazungulire. Mfuti zambiri zololedwa m'dziko muno zili m'manja mwa boma lenilenilo. Pa zionetsero za 20 July 2011, anthu 20 anaphedwa. Mu October 2019, amayi ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu anagwiriridwa ndi kuzunzidwa ndi apolisi, ndipo mu August 2020 Khoti Lalikulu, kudzera mwa Justice Kenyatta Nyirenda, linalamula kuti amayi 18 apatsidwe chipukuta misozi, mlandu umene anaumenyera a Women Lawyers Association. Izi zili m'mabuku a khoti, si mphekesera.

Choncho lamulo limene tikupemphali lisathere pageti la polisi kapena la asilikali. Wapolisi naye ndi mwamuna wa munthu, ali ndi nyumba, ali ndi mkwiyo wake. Ndipo mkazi wa wapolisi ndi amene ali pa mavuto aakulu, chifukwa kokadandaula n'kumene mwamuna wake amagwira ntchito. Wapolisi amene ali ndi dandaulo la nkhanza za m'banja asasainire mfuti mpaka nkhani yake itaunikidwa, ndipo aunike ndi a Independent Complaints Commission, osati mnzake wa pa desiki yoyandikana.

ZIMATHEKA, ENA ANACHITA

South Africa, kumene abale athu ambiri ali pa ganyu, inakhazikitsa Firearms Control Act mu 2000, n'kuyamba kugwira ntchito mokwanira mu 2004. Munthu asanapemphe chiphaso, amayenera kupeza kaye satifiketi yosonyeza kuti ndi woyenera kugwira mfuti, ndipo mbiri ya nkhanza za m'banja ndi chimodzi mwa zomulepheretsa. Lamulo lawo la nkhanza za m'banja la 1998 limapatsa khoti mphamvu yolamula apolisi kulanda mfuti ya wozunza. A South African Medical Research Council atayerekeza imfa za amayi za mu 1999 ndi za mu 2009, anapeza kuti amayi ophedwa ndi mfuti anachepa kwambiri. Dzikolo likadali ndi mavuto aakulu a nkhanza, ndipo pomwe apolisi afooka lamulo nalo limafooka. Komabe pali amayi amene ali moyo lero chifukwa cha lamulo limenelo.

Ku Canada, wopempha chiphaso amalemba dzina la mkazi kapena mwamuna amene ali naye, ndi amene anasiyana naye m'zaka ziwiri zapitazo, kuti adziwitsidwe ndipo ngati ali ndi nkhawa anene. Ndiye zimene tikupemphazi si maloto a ana a ku yunivesite ayi. Zikuchitika.

Ndipo boma lathu linalonjeza kale. Pangano la SADC loyang'anira mfuti ndi zipolopolo linasainidwa mu August 2001 mu mzinda wa Blantyre, ulendo wa minibasi imodzi kuchokera pa Thyolo Boma. Mu 2024 Malawi analowa mokwanira m'pangano la dziko lonse la malonda a zida, Arms Trade Treaty, limene limati dziko lisanagulitse zida kunja liganizire ngati zidazo sizikagwiritsidwa ntchito pochitira nkhanza amayi ndi ana. Ngati tavomera kufunsa funso limeneli za amayi a m'maiko ena, tilifunsenso za mayi wa ku Thekerani.

ZIMENE TIKUPEMPHA

1. Lamulo la mfuti la 1967 liunikidwe, ndipo lilembe momveka kuti mbiri ya nkhanza za m'banja, kugwirira kapena kuopseza ndi chifukwa chokwanira chomukanira munthu chiphaso.

2. Kufufuza kusathere pa milandu yogamulidwa. Kuone mabuku a Victim Support Unit, zikalata zachitetezo zochokera kukhoti, ndi madandaulo amene anathetsedwa asanafike kwa majisitireti.

3. Mkazi amene ali naye, ndi amene anasiyana naye posachedwa, afunsidwe payekha, mwachinsinsi, ndi wapolisi wamkazi wophunzitsidwa bwino. Munthu akakanidwa, asauzidwe kuti "akazi anu ndi amene akana". Kutero n'kumutumiza mayiyo kunyumba kukafa.

4. Khoti likapereka chikalata choteteza mayi, nkhani ya mfuti ifunsidwe nthawi yomweyo, ndipo ngati ilipo ichotsedwe tsiku lomwelo. Mayi asachite kukumbukira yekha kupempha ali ndi mantha komanso mabala.

5. Esiteti kapena kampani iliyonse ya alonda yokhala ndi mfuti ifufuze munthu aliyense woigwira, isunge buku la amene waitenga ndi nthawi yomwe waibweza, ndipo mfuti ya kuntchito isagone kunyumba. Wochotsedwa ntchito chifukwa chozunza amayi asakapatsidwe mfuti pa esiteti yoyandikana nayo mwezi wotsatira. A Tea Association of Malawi ndi bungwe la ogwira ntchito la PAWUM ali ndi tebulo lokambirana, nkhaniyi ifike pamenepo.

6. Kufufuza kubwerezedwe nthawi iliyonse yokonzanso chiphaso. Munthu amasintha, banja limasintha.

7. Apolisi azilengeza chaka chilichonse ziphaso zingati zaperekedwa, zingati zakanidwa, zingati zalandidwa chifukwa cha nkhanza, boma ndi boma. Mayina ayi, manambala okha.

PODIKIRA LAMULO

Nyumba ya Malamulo imayenda pang'onopang'ono, koma pali zimene tingayambe lero. Mukapita ku Victim Support Unit kapena kukhoti, ngati wokuzunzaniyo ali ndi mfuti kapena amaigwira kuntchito, nenani, ndipo onetsetsani kuti zalembedwa. Musaone ngati n'zazing'ono poti sanakulozenipo nayo. Pitani ndi mnzanu wokhulupirika, sungani tsiku ndi dzina la amene wakulandirani. Mukamakonza zochoka m'nyumba yotere, musamuuze mwini nkhanzayo, chifukwa nthawi yochoka ndi imene imakhala yoopsa kwambiri. Nambala yaulere ya 5600 ndi ya nkhanza zotere, 116 ndi ya ana.

Inu ankhoswe, inu mafumu athu, inu akuluakulu a mpingo ndi a mzikiti, tikukupemphani mwaulemu: nkhani ya m'banja ikakhala kuti muli mfuti, imeneyo si ya pansi pa mtengo. Musamubwezere mwana wanu m'nyumba imeneyo ndi mawu oti banja ndi kupirira. Perekezani nkhaniyo kupolisi, inu nomwe mukhale mboni.

Inu alonda, alongo athu, mukudziwana. Mumadziwa mnzanu amene amabwera pa shifiti ataledzera, amene amadzitama ndi zomwe amachita atsikana akawapeza ndi nkhuni. Tsiku limene adzalakwitse, mudzi sudzasankha kuti anali uyu kapena uyo, udzakwiyira yunifolomu yonse.

Ndipo ife tonse, phungu wa dera lathu akabwera pa msonkhano kapena pa maliro, tisamangomupempha mjigo ndi malata a tchalitchi. Timufunse kuti lamulo la mfuti la 1967 akuliona bwanji, ndipo akalankhula liti za ilo ku Lilongwe. Masiku 16 olimbana ndi nkhanza, kuyambira 25 November mpaka 10 December, chaka chino asathere pa kuvala malaya ndi kuguba pamsewu. Tikatuluke ndi kalata yosainidwa, yopita kwa DC, kwa mkulu wa polisi ndi kwa aphungu onse a boma la Thyolo.

Lembani maganizo anu m'munsimu, olo mukutsutsana nafe. Koma chonde, musatchule dzina la munthu, la mudzi wake kapena la esiteti yomwe amagwira. Pali mayi amene akugona m'nyumba imeneyo usiku uno. Ngati nkhaniyo ndi yanu, tilembereni ku inbox. Ndipo amene mumatha kuwerenga, muwawerengereko anzanu a mu laini amene alibe foni, chifukwa nkhaniyi eni ake ndi iwowo.